Funsani Woyimbira Wakale: Nkhani za Chikho Kuno Kuchigwa

Makalata a mwezi uno abwera ambiri, ndipo pafupifupi onse ndi a chikho. Ena mwatumiza pa WhatsApp ya magazini ino, ena mwapatsira makondakitala mpaka andipeza pano pa Nchalo. Amene mwafunsa timu yoti mubetchere, pepani, zimenezo ine sindilowamo. Wezulo ndinaupachika kalekale chifukwa cha maondo, koma buku la malamulo ndimaliwerengabe.

FUNSO: Madala, pa siteji pathu takangana mpaka makasitomala kumatidutsa. Mnzanga akuti timu yotenga chikho ndiye akatswiri a dziko, ine ndikuti akatswiri ndi otenga ligi. Nanga zinatheka bwanji kuti Blue Eagles itenge chikho cha FDH mu 2024 chonsecho inali kunja kwa Super League? — Wakabaza, Dyeratu

YANKHO: Mphwanga, mkanganowo wapambana ndiwe, koma mnzakoyo usamuseke kwambiri. Akatswiri a dziko ndi otenga ligi. Mu Super League muli matimu 16, ndipo iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakwawo ndi koyenda, kukwanitsa masewero 30. Ukagonja lero, sabata yamawa ukonza. Pakutha pa chaka pamwamba pamatsala timu yokhala ndi osewera ambiri abwino, malipiro osadumphadumpha ndiponso basi yakeyake. Ligi sinama.

Chikho ndi chipulula. Mphindi 90 zikakukana, nyamula zikwama, tionana chaka chamawa. Palibe kuwerenga mapointi, palibe zoti tikabwezera kwathu. N'chifukwa chake timu yaing'ono ili ndi mwayi m'chikho womwe mu ligi siingaupeze: siyenera kuposa Maule (Bullets) chaka chonse, ingowakanika masana amodzi.

Blue Eagles inatuluka mu Super League kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 inkasewera ligi ya m'chigawo chapakati. Komatu imeneyi ndi timu ya apolisi, ndipo timu ya boma sibalalika msanga ikatuluka monga achitira matimu odalira thumba la munthu mmodzi. Mu fainolo pa Bingu National Stadium anatseka kumbuyo kuti gwa, Bullets inasowa polowera, nkhani inakathera ku mapenate, apolisi n'kunyamula chikho. Si zachilendo kwenikweni. Mu 2021, chaka choyamba cha chikho chimenechi, Ekwendeni Hammers yomwe inali itangolowa kumene mu ligi yaikulu inafika mu fainolo, kukagonja kwa Silver Strikers. Mu 2022 fainolo inali ya bambo ndi mwana, Bullets kukumana ndi Bullets Reserves. Ngakhale ku England, komwe kuli chikho chakale kuposa zonse, FA Cup yomwe inayamba mu 1871, Wigan Athletic inachinya Manchester City 1-0 mu fainolo ya 2013 kenaka n'kutuluka mu ligi chaka chomwecho.

Koma usatengeke nazo n'kumaganiza kuti chikho ndi cha aliyense. Mu 2023 Bullets, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, inasesa zonse zinayi: ligi, FDH, Airtel Top 8 ndi Castel. Kawirikawiri wamkulu amapambanabe. Kungoti pakhomo pa chikho amasiya kampata, ndipo ife akuchigwa kampata kameneko ndi kokhako komwe tili nako.

FUNSO: Bambo, ine ndine mlembi wa timu ya m'mudzi mwathu. Tatenga mabonanza angapo kuno ndipo anyamata akuti tsopano akufuna kukumana ndi Bullets kapena Wanderers m'chikho. Tiyambire pati? — Mlembi wa timu, Ngabu

YANKHO: Alembi, funso lanu ndalikonda kuposa onse, ndiye mundilole nditalikitse.

Choyamba, mabonanza aja, kaya a phungu kaya a mwini golosale, ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, sawadziwa. Timu iyenera kulembetsa ku komiti ya mpira ya m'boma lanu, yomwe ili pansi pa bungwe la mpira la m'chigawo chakummwera, SRFA, ndipo ilo lili pansi pa FAM ku Chiwembe. Osewera anu akhale ndi makhadi. Popanda zimenezi, olo mutachinya midzi yonse kuyambira Miseu Folo mpaka Sorgin, dzina lanu m'mayere silingalowe.

Chachiwiri, zikho sizifanana. Airtel Top 8, yomwe inayamba mu 2017, musaiwerengere: ndi ya matimu 8 okha omwe anathera pamwamba mu Super League chaka chapitacho. Chikho cha FDH chinkayamba ndi chipulula cha matimu a m'zigawo, ndipo 16 opulumuka ankasakanizidwa ndi 16 a Super League mu ndime ya matimu 32. Castel Challenge Cup, yomwe inabwera mu 2023, ndiyo inatsika mpaka m'maboma, moti timu ya m'mudzi inkatha kuyambira pa bwalo la sukulu. Maina a zikho amasintha malinga ndi kampani yomwe yaikapo ndalama. Ife tinakula ndi Kamuzu Cup ndi Chibuku Cup, kenaka kunabwera Carlsberg, Standard Bank, FISD, zonsezo zinapita. Choncho chaka chilichonse muzitchera khutu ku chilengezo cha FAM, ndipo mupemphe malamulo a chikhocho olembedwa, osati ongomva pa wailesi.

Mukafika ndime ya matimu 32, chikho chili patali ndi masewero asanu. Koma maloto a anyamata anu safuna asanuwo. Akungofuna kuti tsiku la mayere dzanja la munthu litulutse kapepala kanu limodzi ndi ka Maule kapena ka Manoma (Wanderers).

Tsopano mvetsani zomwe zimapha matimu athu. Si mpira ayi. Anyamata akuno mpira amautha, thupi ali nalo, mpweya ali nawo. Chimatigwetsa choyamba ndi ganyu. Ndikukumbuka masewero ena a ndime ya m'boma omwe ndinayimbira. Tisanayambe ndinaimika matimu onse pamzere pansi pa mtengo wa msangu, makhadi ali m'manja, ndikuitana dzina limodzilimodzi. Nditafika pa nambala 9, mnyamata anavomera mochedwa ngati dzinalo akulimva koyamba. Chithunzi cha pa khadi chinali chofufutika ndi thukuta, nkhope yosaoneka bwino, ndiye ndinalemba m'kabuku kanga kuti a timu inayo akayika, mpira n'kuyamba. Mnyamata uja anamwetsa zigoli ziwiri zokongola. Pa chachiwiricho mayi wina wogulitsa mafilizi, mwa chisangalalo, anakuwa dzina lake lenileni, n'kuwonjezera la mudzi wake ndi la timu yomwe amasewera. Mlembi wa timu yogonja anangotulutsa cholembera. Sabata isanathe, opambana aja anali atachotsedwa m'chikho, ogonja n'kupitirira. Wosewera yemwe wasewerera kale timu ina m'chikho chomwecho, kapena yemwe alibe khadi lanu, musamuveke jezi olo atakhala waluso bwanji. Kuno tonse timadziwana.

Chinanso ndi ulendo. Walira mvula walira matope: mukapambana m'boma, mayere akhoza kukuponyerani ku Mulanje, ku Balaka kapena ku Mangochi. Werengani anthu oyenda, osewera ndi akuluakulu, kenaka mufunse mtengo wa galimoto yopita ndi kubwera, chakudya, ndi pogona ngati n'kutali. Ndalama ya mphoto imabwera pambuyo, mafuta amafuna lero. Ndaonapo timu itanyamuka m'mawa wa tsiku lomwelo pa lole ya matani atatu, lole n'kuwira pokwera mapiri a Thabwa, anyamata n'kumakankha, kufika pabwalo miyendo itauma ndipo m'mimba muli zitumbuwa zokha. Chigawo choyamba chisanathe anali atamwa zitatu. Pitani kwa amalonda a ng'ombe pamsika wa Ngabu, kwa eni mashopu, kwa ana a kwanu omwe ali m'tauni, mpikisano usanayambe. Muwaonetse pepala la ndalama zofunika. Munthu amapereka msanga akaona mawerengero kusiyana ndi akamva kulira Lachisanu madzulo.

Chomaliza ndi bwalo. Mayere akakupatsani timu yaikulu pakwanu, saibweretsa pa bwalo lopanda mpanda pomwe mbuzi zimadutsa pakati. Bwalo liyenera kuvomerezedwa, ndipo kuno lomwe lazolowera masewero akuluakulu ndi Kalulu Stadium pano pa Nchalo. Ndi pomwe Nchalo United inkalandirira alendo ili mu Super League mu 2018, ndipo nthawi ina Kamuzu Stadium itatsekedwa matimu a mu Blantyre ankatsikira pomwepa. Kambiranani ndi eni bwalo nthawi ikadalipo. Za ndalama za pakhomo musalote kwambiri: asanakugawireni amayamba achotsa za bwalo, za achitetezo ndi za mabungwe oyendetsa mpira. Ikani anthu anu awiri okhulupirika pa geti iliyonse, ndipo asakhale okonda mpira kwambiri, chifukwa okonda mpira amasiya geti wezulo ukangolira.

FUNSO: Bambo, amuna anga sanadye nsima tsiku lomwe timu yawo inatuluka pa mapenate. Akuti goloboyi wawo anagwira penate koma woyimbira analamula kuti abwereze, ndiye akuti anadya ndalama. Ine mpira ndimaukonda koma malamulo a mapenate sindiwadziwa. Kodi si mwayi chabe? — Mayi wa ana atatu, Bangula

YANKHO: Mayi, masewerowo sindinawaone, koma ndikhoza kulota chomwe chinachitika. Lamulo likuti pamene mpira ukumenyedwa, goloboyi akhale ndi phazi limodzi, olo kachigawo kake, pa mzere wa golo, mofanana nawo kapena kumbuyo kwake. Akadumphira kutsogolo ndi mapazi onse mpira usanamenyedwe n'kuugwira, penateyo imabwerezedwa. Koyamba amangochenjezedwa pakamwa, akabwereza amaona khadi yachikasu. Amene amayang'ana phazilo ndi wothandizira woyimbira yemwe waima pa mzere pomwepo. Munthu womvera pa wailesi, kapena woonera m'chinyumba cha kanema atapanikizana ndi anzake, phazi limenelo sangalione. Ndiye muwauze bambo kuti mwina woyimbirayo anangogwira ntchito yake.

Malamulo enawo ndi awa, mwachidule. Zikho zina zikathera kufanana mphamvu amawonjezera mphindi 30, zigawo ziwiri za 15, koma zambiri za kuno amangopita ku mapenate. Woyimbira amaponya khobidi kawiri, koyamba kusankha golo, kachiwiri kuti apeze kaputeni wosankha kuyamba kapena kutsatira. Omenya ndi okhawo omwe anali m'bwalo wezulo womaliza ukulira. N'chifukwa chake mumaona mphunzitsi akulowetsa munthu kutatsala mphindi imodzi, osati kuti akasewere koma kuti akamenye penate. Ngati timu ina yatsala ndi anthu 10 chifukwa cha khadi yofiira, inayo imachotsanso mmodzi kuti afanane. Timu iliyonse imamenya asanu mosinthana, ndipo zimatha msanga ngati wina sangathenso kumupeza mnzake. Akafananabe, amapitiriza mmodzimmodzi mpaka wina aphonye mnzake atagoletsa. Palibe womenya kachiwiri anzake onse asanamenye, goloboyi yemwe. Mpira ukabwerera kuchokera kwa goloboyi kapena pa chitsulo, womenya saloledwa kuutsatira monga zimakhalira mkati mwa masewero. Ndipo womenya akafika pampira n'kunamizira kumenya kuti goloboyi agwe kaye, amalandira yachikasu, penateyo n'kuwerengedwa ngati waphonya.

Zoti ndi mwayi chabe, ine ndimakana. Mpira umaikidwa pa mamita 11, golo ndi yotambalala mamita 7.32, kutalika 2.44. Wosewera aliyense pa masewero okonzekera amagoletsa ali chitsinzire. Chimasintha ndi ulendo uja wochoka pakati pa bwalo kupita pampira. Woyimbira amakhala pafupi, ndipo amaona zomwe a m'mbali saona. Pali mnyamata yemwe amaika mpira manja akunjenjemera, kuukonza katatu, kubwerera chafutambuyo maso ali pansi, ndipo wezulo usanathe kulira iye wathamanga kale kuti zimuchoke. Ameneyo kawirikawiri amaupatsa goloboyi m'manja kapena kuutumiza m'munda. Pali wina yemwe amaima, kupuma kamodzi, kudikira kamphindi, malo anasankha kale dzulo. Ndaonanso akaputeni odzitama omwe nthawi yosankha omenya ikafika amagwada n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomwe sizinamasuke.

Zikho zazikulu zingapo zathera pamenepa: Airtel Top 8 yoyamba mu 2017 Silver inatenga pa mapenate pamaso pa Wanderers, ndipo Castel yoyamba mu 2023 Bullets inachotsera Silver pa mapenate momwemo. Timu yolowa m'chikho osakonzekera mapenate yalowa ndi mwendo umodzi. Aphunzitsi a kuno, muziwamenyetsa kumapeto kwa masewero okonzekera, atatopa, anthu a m'mudzi akuwakuwiza, ndipo mndandanda wa omenya ulembedwe musananyamuke kunyumba. Koma inu mayi, ulendo wina nsimayo muzingoivundikira. Ikamakwana 10 koloko usiku amadya okha.

FUNSO: Achimwene, matimu ochokera kumtunda akabwera kuno amadandaula kutentha, ena mpaka kunena kuti timawaphera dala powaseweretsa masana. Kodi lamulo limalola kuimitsa mpira kuti anthu amwe madzi? — Mphunzitsi wa pulayimale, Nchalo

YANKHO: Aphunzitsi, limalola. Pali kupuma kwa kumwa madzi komwe sikupitirira mphindi imodzi, ndiponso kupuma koziziritsa thupi, kuyambira masekondi 90 mpaka mphindi zitatu, pamene kwatentha kwambiri. Nthawi imeneyi woyimbira amaibweza kumapeto kwa chigawo. Makaputeni apemphe mpira usanayambe kuti agwirizane.

Dandaulo la alendowo lili ndi mutu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapyola madigiri 40, ndipo munthu wozolowera mphepo ya ku Dedza kapena ku Mzuzu akatsika galimoto pa Thabwa amakhala ngati walowa mu uvuni wa njerwa. Koma zophera dala palibe. Mabwalo athu alibe magetsi, ndipo masewero a chikho ayenera kusiya nthawi ya mapenate kusanade. Mukayamba mochedwa mudzamenya penate yomaliza goloboyi akungomva phokoso la mpira.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi anzathu akuno omwe amati dzuwa ndi wosewera wathu wa nambala 12. Dzuwa silidziwa jezi. Mnyamata yemwe wakhala m'munda wa thonje kapena pa njinga kuyambira mbandakucha, osamwa madzi okwanira, amakomoka msanga kuposa mlendo yemwe wagona bwino. Wosewera akayamba kuzandima, kulankhula zosamveka kapena kusanza, mutulutseni, mumuike pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse ndipo muthamangire naye kuchipatala. Asakuuzeni kuti alimba.

FUNSO: Kodi timu ikatenga chikho imapita yokha ku mpikisano wa mu Africa? — Wophunzira wa Fomu 3, Chikwawa

YANKHO: Mwanawe, m'maiko ambiri otenga ligi amalowa CAF Champions League, otenga chikho chachikulu n'kulowa CAF Confederation Cup. Koma khomo likatseguka pamafunika chiphaso cha kalabu, bwalo lovomerezedwa ndi bungwe la mpira mu Africa la CAF, ndi ndalama za ndege ndi mahotela. Zaka zambiri matimu athu akhala akusiya malowo opanda munthu chifukwa cha thumba. Yomwe inafika patali ndi Bullets mu 2004, nthawi imeneyo ikutchedwa Bakili Bullets, pomwe inalowa ndime ya m'magulu ya Champions League. Iwe limbikira kaye mayeso.

FUNSO: Akulu, timu yathu inalephera kufika ku masewero a chikho chifukwa madzi anadzadza ndipo eni mabwato anakana kuwolotsa. Tangomva kuti anzathuwo awapititsa ndime ina popanda kusewera. Kodi chilungamo chili pati? Takhuta. — Kaputeni, Makhanga

YANKHO: Kaputeni, ndakumvani, ndipo aliyense wodziwa tsidya lanulo sanganene kuti mukunama. Madzi akakwera pa Mtayamoyo, kufika pa Bangula pomwe mukupaona ndi maso kumasanduka ulendo wozungulira ku Muona, Fatima mpaka Thabwa, ngati msewuwo nawonso sunaduke. Tinaziona nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Eni mabwato anachita bwino kukana, ndipo inu munachita bwino kusakakamira.

Vuto ndi lakuti woyimbira pabwalo alibe mphamvu yoweruza nkhani yotere. Iye amadikira nthawi yomwe malamulo a chikhocho anena, kuona kuti timu ina palibe kapena ili ndi osewera osakwana 7, n'kulemba lipoti. Oweruza ndi a komiti yoyendetsa mpikisano, ndipo iwo amayang'ana zomwe zili patebulo. Ngati patebulopo pali lipoti la woyimbira lokha, mwagonja. M'ligi masewero otere amatha kuwaika tsiku lina mosavuta, koma m'chikho ndime yotsatira imakhala ikudikira, ndiye komiti imafulumira kutseka nkhani.

Malamulo a mipikisano amazindikira zovuta zoposa mphamvu ya munthu, ndipo kusefukira kwa madzi ndi chimodzi mwa izo. Koma muyenera kudziwitsa masewero asanafike, osati atapita. Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: munauza ndani, nthawi yanji, ndipo umboni ulipo? Ngati munaimba foni kapena kutumiza uthenga m'mawa wa tsikulo, musaufufute. Lembani kalata ya apilo lero lomwe, chifukwa nthawi yodandaulira m'chikho imakhala yochepa kwambiri ndipo kawirikawiri pamakhala kandalama kolipira. Muikemo tsiku, ola lomwe munafika padoko, zithunzi za madziwo, ndi kalata ya amfumu kapena ya komiti yoona za ngozi ya m'dera lanu. M'kalatamo musatukwane munthu, musanene kuti komiti yadya, ndipo mutchule tsiku lomwe mungathe kusewera, ngakhale pakati pa sabata, ngakhale pa bwalo la anzanuwo. Mupange makope awiri, imodzi akudindireni kapena akusainireni mubwerere nayo.